Nginx ikamabweza 502 polumikizana ndi seva ya HTTPS

Achimwene, tamverani kaye musanayambe kusintha mafayilo. Vuto loti proxy (Nginx yoima pakati pa alendo ndi seva ina) ikubweza 502, nambala yosonyeza kuti siinalandire yankho loyenera, pomwe seva ya kumbuyo ikutseguka bwinobwino pa browser, kawirikawiri limachokera pa SNI, njira yotchulira dzina la webusayiti poyamba kulumikizana pa HTTPS.

Tsegulani /var/log/nginx/error.log. Mukaona mzere wakuti "SSL_do_handshake() failed", kumapeto kwake kuli "while SSL handshaking to upstream", dziwani kuti zasokonekera pa malonje penipeni, njira yobisa uthenga isanakhazikike n'komwe. Onaninso nambala ya alert. Ikakhala 40, mbali ziwirizi zalephera kumvana. Ikakhala 112, seva yakana dzina.

Chimachitika n'chakuti IP imodzi imasunga mawebusayiti ambirimbiri, ndiye seva imafuna kumva dzina poyambirira kuti idziwe satifiketi yoti ipereke. Browser imatchula yokha dzinalo. Nginx siitchula pokhapokha mutaiuza.

Tsimikizani kaye, musamangoganizira. Muli pa makina a proxy omwewo, lembani openssl s_client -connect, dzina la seva, :443, kenako -noservername. Bwerezaninso, koma ulendo uno muike -servername ndi dzinalo. Koyamba kukakanika, kapena kukabwera satifiketi ya eni ake ena, kachiwiri n'kutheka, ndiye kuti mwalipeza.

Tsopano mu fayilo ya makonzedwe a Nginx, mu gawo la location momwe muli proxy_pass, onjezani proxy_ssl_server_name on; osaiwala semicolon kumapeto. Lamuloli linabwera mu Nginx 1.7.0, ndipo mukapanda kulilemba limakhala lozimitsa.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ndiye ndibwereza. Ngati mwagwiritsa ntchito upstream (gawo lolembamo maseva a kumbuyo) n'kuitcha dzina longopeka, tinene kuti backend, Nginx itumiza dzina lomwelo, chifukwa imatenga lomwe lili mu proxy_pass. Seva ya kumbuyo siidziwa backend ayi. Choncho lembani proxy_ssl_name ndi dzina lenileni lomwe lili pa satifiketi, ndipo dzina lomwelo likhalenso pa proxy_set_header Host. Awiriwa akasiyana, malonje atheka koma seva zina zikubwezerani 421, kapena tsamba lolakwika.

Chinanso, chonde musachidumphe: Nginx siifufuza satifiketi ya seva ya kumbuyo mukapanda kuilamula. Uthenga umayenda wobisika ndithu, koma simukudziwa yemwe mukulankhula naye. Lembani proxy_ssl_verify on, kenako proxy_ssl_trusted_certificate iloze ku /etc/ssl/certs/ca-certificates.crt ngati muli pa Debian kapena Ubuntu. Ikadandaula kuti mndandanda wa masatifiketi watalika, ikani proxy_ssl_verify_depth 2, poti yokha imayambira pa 1.

Mukamaliza, lembani nginx -t. Ikavomera, nginx -s reload, osati restart, kuti omwe alumikizidwa kale asadulidwe. Kenako siyani tail -f ikuyenda pa error.log muja, yesani ndi curl -v kangapo konse, osati kamodzi. Zikamatheka apa n'kukanika apo, ikani proxy_ssl_session_reuse off, muyesenso.