Shifita ya magiya yasiya kugwira? Musathamangire kugula ina

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tili pakhonde kuno ku Chilomoni ndi njinga iyi ya kaunjika, magiya 7 kumbuyo, shifita yake ndi Shimano zija zodina ndi chala. Tamverani, ndikudina koma kuli zii, chala chikungopita osamva "ke ke" uja. Ndipo Blantyre mukumudziwa inu, zitunda zokhazokha, njinga ikakanirira pa giya yolemera ndiye ku Ndirande kapena ku Bangwe ukafika uli wapansi ukuikankha.

Ambiri akaona chonchi amati yafa. Sinafe ayi. Mkatimu muli kagudumu ka mano ndi kachitsulo kakang'ono kokola manowo, kamakankhidwa ndi kasipuling'i kowonda ngati tsitsi. Girisi wa ku fakitale uja akakhalitsa amauma gwa ngati mkute, kuwonjezera fumbi la mu Okutobala, ndiye kachitsulo kaja kamangomatirira osabwerera.

Yalani kansalu pansi kaye, timasikuluu take tikagwa pa dothi simutiwonanso. Masulani chivindikiro chokha basi, chonde musaphwasule zamkati, ine ndinayesapo kasipuling'i kanadumpha mpaka lero sindinakapeze. Thirani WD-40, mafuta opopera aja omasula zadzimbiri, pa manopo, ngati mulibe palafini amagwiranso ntchito, mutsuke ndi mswachi wakale. Petulo ayi, amawononga pulasitiki. Kenako dinani, bwezani, dinani, bwezani, osatopa, muona zakuda zikuchucha. Zimenezo zisadonthere pa mabuleki. Ikakanabe isiyeni igone, mawa mubwereze. Ehee, mwamva? Yayamba kulira. Ikauma donthezani oyilo wa makina osokera pang'ono chabe, osati oyilo wakuda wochoka mu injini uja, ameneyo amangoitana fumbi.

Tsopano ngati ikulira bwinobwino koma tcheni sichikusuntha, vuto ndi waya. Tsitsani tcheni pa sipuloketi yaying'ono kwambiri, masulani bawuti yogwira waya kumbuyoku, nthawi zambiri imamasulidwa ndi alenki ya 5 mm, mukoke wayayo ndi dzanja. Akamalimba ndiye kuti dzimbiri lalowa mu chikopa chake, zimachitika kwambiri mvula ikadutsa. Onaninso kumutu kwake mkati mwa shifita, ndi pomwe amakonda kuthothoka tinsambo. Woteroyo ingosinthani. Pogula nenani kuti mukufuna wa magiya, ndi wowonda, 1.2 mm, wa buleki ndi 1.6 ndipo mutu wake ndi wina, salowa.

Mwamanga waya watsopano, kwatsala kachubu kopotokola aka kokungira waya, kali pomwe waya akulowera. Wina akunyamulireni tayala lakumbuyo, zunguzani pedulo ndi dzanja, dinani kamodzi. Tcheni chikamachedwa kukwera pa sipuloketi yaikulu, potokolani ngati mukumasula, pang'onopang'ono, kota ya mzungulo nthawi imodzi, muyesenso. Chikamachedwa kutsika mubweze mbali inayo.

Timasikuluu tiwiri tolembedwa H ndi L uti, ta pa chosunthira tcheni kumbuyoku, toika malire a pomwe tcheni chingafike, tisiyeni ngati simunatigwirepo. Ka L kakamasuka kwambiri tcheni chimagwera mu masipoko, ndipo pamenepo zowonongeka zimaposa mtengo wa shifita.

Ndipo ikakhala kuti mano athyokadi mukagule ina, werengani masipuloketi anu kaye, a 7 amafuna shifita ya 7, ya 8 sigwirizana nawo. Iyi yathuyi yatheka, ndikaiyese pa chitunda apo.