Sales and trading: mmene wophunzira zachuma angapezere internship

[Wofotokoza wayang'ana kamera]

Moni anzanga. Ngati mukuphunzira zachuma ku Britain ndipo mukuti nkhani ya ntchito mudzaiganizira m'chaka chomaliza, ndikudziwitseni kuti mabanki a ku London sadikira zimenezo. Goldman Sachs, JPMorgan, Barclays, Citi ndi anzawo amatenga antchito atsopano ambiri a sales and trading, gawo la banki logula ndi kugulitsa ndalama, masheya ndi ngongole, kuchokera mwa ophunzira amene anachita nawo internship ya pa tchuthi, ntchito yophunzirira ija ya masabata pafupifupi khumi pakati pa June ndi August. Imeneyi ndi ya anthu amene atsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Mafomu ake amatsegulidwa pafupifupi chaka chathunthu isanayambe, cha m'ma August ndi September, ndipo malo amadzazidwa pamene mafomu akufika. Mukadikira tsiku lotsekera, mupeza anzanu atadya kale.

Kwa a chaka choyamba pali spring week, masiku ochepa cha mu April, pomwe banki imakuonetsani mmene imagwirira ntchito. Ena amachokako atapatsidwa kale mwayi wa intavyu ya internship. Musainyoze.

[Pa sikirini: chipinda chodzaza makompyuta]

Nanga ntchitoyo ndi yotani? Anthu ambiri amaganiza kuti trader amangotchova juga ndi ndalama za banki. Zimenezo zinachepa kwambiri mavuto azachuma a 2008 atachitika, makamaka ku America kumene lamulo lotchedwa Volcker Rule, la mu 2010, linazichepetsa m'mabanki. Masiku ano ntchito yaikulu ndi kutumikira makasitomala.

Tiyerekeze kuti kampani ya penshoni ikufuna kugulitsa ma bond a boma, omwe ndi mapepala a ngongole imene boma linatenga. Imalankhula ndi munthu wa sales, yemwe amaidziwa bwino, zimene imakonda ndi zimene imaopa. Wa sales amafunsa trader mtengo. Trader amakhala ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, monga mumaonera pa bolodi la malo osinthira ndalama: dola akugula pa mtengo wina, akugulitsa pa wina wokwererapo. Kampata kali pakatipo ndiye phindu. Koma akagula ma bond aja, tsopano ndi ake. Mtengo ukagwa asanapeze wowagula, waluza. Choncho tsiku lonse mutu wake uli pa funso limodzi: ndili ndi chiyani m'manja, ndipo chingandipweteke n'chiyani?

Madesiki, kapena kuti magulu a ma trader ndi a sales, amagawidwa motsatira malonda: ndalama zakunja, ngongole za maboma, ngongole za makampani, masheya, ndi katundu monga mafuta ndi golide. Mukafunsidwa desiki imene mukufuna, musayankhe kuti iliyonse.

[Wofotokoza]

Fomu ikadutsa, mumalemba mayeso a masamu pa intaneti. Kenako kawirikawiri pamabwera intavyu ya pa vidiyo, monga ya HireVue, yomwe mumayankha kamera popanda munthu mbali inayo. Imachititsa manyazi poyamba, ndiye yeserani pa foni yanu. Omwe apulumuka apa amakakumana ndi ma trader ndi a sales maso ndi maso.

Apa mpamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa mpamene ophunzira anzeru ambiri amagwera. Mabuku amawadziwa, koma msika wa lero sakuudziwa. Adzakufunsani chiwongoladzanja cha Federal Reserve (banki yaikulu ya ku America), mtengo wa mafuta a Brent (muyezo wa mtengo wa mafuta pa dziko lonse), mmene paundi ilili poyerekeza ndi dola. Adzakufunsani chifukwa chake mtengo wa bond umatsika chiwongoladzanja chikakwera. Kenako funso lenilenilo: mutakhala ndi ndalama lero, mungagule chiyani?

Safuna mneneri. Iwonso sadziwa za mawa. Akufuna kumva maganizo amene ali ndi miyendo: ndingagule ichi, pa zifukwa ziwiri izi, ndipo chakuti chikachitika ndidzadziwa kuti ndinalakwitsa, ndigulitsa pa mtengo wakuti. Mbali yomalizayi ndi imene amatcherera khutu. Ndipo adzakutsutsani dala, kuti aone ngati mugwedezeka chifukwa cha mfundo kapena chifukwa choopa nkhope yawo.

Inu ochokera kwathu kuno muli ndi chida chimene simuchiwerengera. Mu November 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Munaona chimene chinachitika ku mtengo wa mafuta, feteleza ndi fizi. Mukudziwa kusiyana kwa mtengo wa dola ku banki ndi wa pamsewu, ndi chifukwa chake kumabwera. A ku Zambia munaona dziko lanu likulephera kulipira Eurobond, ngongole ya m'madola imene linatenga pa misika yakunja, mu November 2020, ndi zaka zokambirana ndi angongole zimene zinatsatira. Ku London kuli madesiki amene ntchito yawo ndi ngongole ndi ndalama za mayiko ngati amenewa. Mnzanu wa ku Manchester anaziwerenga m'nyuzipepala, inu munazilipira m'thumba. Kungoti muzifotokoze ndi manambala, osati madandaulo okha.

[Pa sikirini: dayisi]

Masamu apamutu nawonso alipo. Taganizani: mukuponya dayisi kamodzi, ndikulipirani mapaundi ofanana ndi nambala imene yagwa. Masewerawa ndi a ndalama zingati? Phatikizani 1 mpaka 6, mupeza 21, gawani ndi 6, yankho ndi 3.5. Nanga ndikakulolani kuponyanso ngati simunakhutire? Mukapeza 4, 5 kapena 6 mumaima, ndipo pakati pake ndi 5. Mukapeza 1, 2 kapena 3 mumaponyanso, mukuyembekeza 3.5. Theka la 5 kuphatikiza theka la 3.5, ndi 4.25. Werengerani mokweza, chifukwa akufuna kumva mmene mukuganizira.

[Wofotokoza]

Za mapepala: visa ya wophunzira wa digiri ku Britain imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndi ntchito ya tsiku lonse pa tchuthi, choncho internship imatheka. Ku Johannesburg kuli Standard Bank, RMB, Absa, Nedbank ndi Investec, koma werengani bwino zofunikira, chifukwa mapulogalamu ambiri amafuna nzika za South Africa. Ndipo amene muli ku Blantyre, mabanki athu ali ndi dipatimenti ya treasury yomwe imagula ndi kugulitsa ndalama zakunja ndi ma treasury bill, ngongole za boma za masiku 91, 182 ndi 364. Attachment ya kumeneko ndi ntchito yomweyi, pa msika waung'ono chabe.

Mukalowa internship ya ku London ija, musayembekezere kugwira ndalama za banki, malamulo salola. Mudzafika m'mamawa kwambiri, msika wa masheya wa London usanatsegule 8 koloko, kumvetsera msonkhano wa m'mawa, kenako kukhala pambali pa trader ndi kabuku. Mafunso muwasunge mpaka mafoni atazizira. Mudzazungulira madesiki awiri kapena atatu, ndipo pomaliza pamafunika desiki imodzi yonena kuti uyu tikumufuna abwere chaka chamawa.