Nkhanu ndi Miyendo Yake Khumi

A gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ndiyambe ndi ana amene mumagwira nkhanu mu Likangala. Kodi nkhanu ili ndi miyendo ingati? Ndamva wina kumbuyoko akuti 8. Mwawerenga yoyendera yokha, mwasiya zopanira ziwiri zakutsogolo zija. Zimenezonso ndi miyendo, kungoti ntchito yake ndi kugwira chakudya ndi kudziteteza. Yonse pamodzi imakwana khumi.

Akatswiri a zamoyo amaika nkhanu m'gulu lotchedwa Decapoda. Ndi mawu awiri a Chigiriki olumikizidwa: deka ndiye khumi, poda ndiye mapazi. Anapereka dzinali ndi Pierre André Latreille wa ku France mu 1802. Iye ankagawa tizilombo poyang'ana mmene thupi linapangidwira, ndipo inunso mungathe kutero: chiwala chili ndi miyendo 6, kangaude 8, nkhanu khumi.

Nkhanu zathu za m'mitsinje akatswiri ankaziika m'kagulu ka Potamonautes, kutanthauza woyenda pamtsinje ngati mmalinyero. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Mu 1953 katswiri wa ku America, Fenner Chace, anatcha mtundu wina kuti choloensis. Tamverani bwino dzinalo. Muli Cholo, mmene atsamunda ankalembera Thyolo. Wophunzira wa ku London kapena ku Tokyo akamatchula nkhanu imeneyi amatchula boma la kwathu kuno.

Amayi amene mumachapa kumtsinje munaonapo nkhanu yaikazi itanyamula mazira kumimba. Za m'nyanja yamchere zambiri zimaswa timphutsi toyandama, madzi n'kutitengera kutali. Zathuzi ayi. Dzira limaswa kankhanu kathunthu, ndipo make amakasunga pansi pa mimba mpaka kayambe kudziyendera. N'chifukwa chake siziyenda mtunda wautali, ndipo zikatha mumtsinje wina sizibwerera msanga.

Apa mpamene nkhani ya mitengo ikulowa. Nkhanu zimadya masamba ogwera m'madzi, n'kumayeretsa mtsinje, nazonso zimadyedwa ndi akatumbu ndi mbalame. Tikamadula mitengo m'mbali mwa Mulunguzi ndi Domasi, kenako n'kulima mpaka m'gombe, matope amakwirira mauna a nkhanu. A mfumu, pempho langa ndi lakuti pamsonkhano wogawa madimba chaka chino tigwirizane malire osiyira mtsinje.