Anthu anadziwa bwanji pomwe pali mafuta pansi pa nthaka?

Mafumu, amayi ndi abambo, zikomo kwambiri. Agogo afunsa kuti munthu angadziwe bwanji kuti pansi pali mafuta asanakumbe. Funso limeneli linazunguza anthu mitu kwa zaka zambiri.

Mu 1859, Edwin Drake anaboola chitsime ku Titusville, ku Pennsylvania m'dziko la America, ndipo anapeza mafuta atangofika mamita 21. Iye anangoboola pafupi ndi pomwe mafuta ankatuluka okha n'kumayandama pamtsinje. Omutsanzira ankalondola mitsinje, ena ankayenda ndi kamtengo ka mphanda, ati kagwedera pomwe pali mafuta. Ndalama zambiri zinathera m'maenje ouma.

Amayi, mukathira mafuta ophikira m'madzi, amapita kuti? Pamwamba, eti? Pansi pa nthaka n'chimodzimodzi. Mafuta amakwera kudzera m'timipata ta mwala wamchenga mpaka atakumana ndi mwala wosadutsika. Mwalawo ukakhala wopindika ngati mbale yovundikira, amaunjikana m'menemo: gasi pamwamba, mafuta pakati, madzi amchere pansi. Katswiri wa miyala I. C. White analemba mfundo imeneyi mu 1885, ndipo ine ndimati sayansi ya ntchitoyi inayambira pamenepa. Anthu anasiya kusaka mafuta, n'kuyamba kusaka mbale.

Koma mbale yakuya simungaione ndi maso. Apa anachita zomwe timachita pogula chivwende, kugogoda n'kumvetsera. Ankaphulitsa dainamaiti, makina n'kulemba nthawi yomwe phokoso latenga podutsa m'miyala. Mu 1924, njira ya Mjeremani Ludger Mintrop inapeza phiri la mchere lobisika pansi pa nthaka, lomwe limapinda miyala ngati mbale ija, ku Orchard, ku Texas, ndipo mafuta anadzapezekadi. Mu 1927 kampani ya abale awiri a Schlumberger inatsitsa waya wamagetsi m'chitsime ku Pechelbronn, ku France, chifukwa madzi amchere amadutsitsa magetsi pomwe mafuta amakaniza.

Lero pamadzi sitima imawomba mpweya mwamphamvu, kompyuta n'kujambula miyala yapansi. Gasi wa ku Rovuma, ku Mozambique, anapezeka mu 2010 atayamba ndi njira yotereyi. Komabe chithunzicho chimangoonetsa mbale. Zam'kati zimadziwika mukaboola basi.

Ndiye a makampani osaka mafuta akadzabwera ndi mapu a nyanja yathu, mudzawafunse kuti, mwaboola kapena mwangomvetsera? Asodzi, inunso mufunse kuti phokoso la sitimayo lidzatani usipa ndi chambo. Amfumu akweza dzanja, tiyeni tiwamvere.