Makalata a omvera: zotsatira za matenda a Huntington zikatuluka

Huntington ndi matenda akumtundu amene amawononga ubongo pang'onopang'ono n'kusokoneza kayendedwe ka thupi ndi maganizo, ndipo amachokera ku jini, kachidutswa ka chibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Johannesburg. Akufunsa kuti: "Abale awiri akayezetsa magazi, wina n'kupezeka ndi jini ya matenda a Huntington koma wina ayi, n'chifukwa chiyani wopulumukayo ndiye amasowa tulo?"

Mayi, alangizi a matenda akumtundu zimenezi amaziona kawirikawiri. Kholo likakhala ndi jiniyi, chiopsezo kwa mwana aliyense ndi 50 peresenti, ndiye wopulumuka amadziimba mlandu ngati walanda mwayi wa m'bale wake. Amadziwanso kuti mtolo wosamalira odwala udzagwera iye. Ena anasiya kukwatira kapena kubereka poganiza kuti adzadwala, ndipo tsopano amalirira zaka zimenezo. Munthu wotere abwerere kwa mlangizi, asaganize kuti uphungu ndi wa opezeka ndi jini okha. Asiyenso kuyang'anitsitsa m'bale wake akangogwetsa kapu, chifukwa maso amenewo amapweteka.

Namwino wina wa ku Birmingham walemba motere: "Muwauze omvera kuti zotsatira ndi nambala. Amawerenga kuti kachidutswa kotchedwa CAG kabwerezedwa kangati mu jini ya Huntington yotchedwa HTT. Kakabwerezedwa ka 26 kapena kutsika, palibe vuto. Kuyambira 27 mpaka 35, mwiniwake sayembekezeka kudwala koma nambala ingakule mwa ana ake, makamaka ikachokera kwa bambo. Kuyambira 36 mpaka 39 angadwale kapena ayi. Ikafika 40, matenda adzabwera, koma nambalayo sinena chaka."

Zikomo anamwino. Mawu omalizawo ndi ofunika, poti ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka zapakati pa 30 ndi 50, ndipo wopezeka ndi jini ali ndi zaka 25 angagwire ntchito zaka zambiri ali bwinobwino. Masabata oyambirira munthu akamva kuti ali ndi jini ndiwo owawitsa, kenako ambiri mtima umakhala pansi, koma nkhawa imabwerera munthu akayandikira msinkhu umene kholo lake linayamba kudwala. N'chifukwa chake zotsatira zimaperekedwa pamaso ndi pamaso, osati pafoni, ndipo ndi bwino kupita ndi munthu womudalira. Musasiye ntchito kapena kuthetsa banja m'miyezi yoyamba. Ana osakwana zaka 18 amene alibe zizindikiro sayezedwa, adzasankha okha.

Ndiwonjezere china chokhudza ife a ku Africa. Pali matenda ofanana kwambiri, HDL2, ochokera ku jini ya JPH3, amene apezeka makamaka ku South Africa. Ngati wodwala wa pabanja panu sanayezedwe jini, funsani dokotala ngati anakuyezani jini zonse ziwiri musanasangalale kuti mwapulumuka.

Kukhumudwa kukapitirira masabata awiri, pitani kuchipatala, ndipo maganizo ofuna kudzipha akabwera pitani tsiku lomwelo. Huntington ilibe mankhwala ochiza, koma matenda a maganizo amene imabwera nawo ali ndi mankhwala.