Dambo Lisanagawidwe Mapuloti

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, a khansala, amayi ndi abambo.

Tauni yathu ya Kasungu ikukula, ndipo palibe angailetse. Ana athu akufuna mapuloti, msika ukufuna malo. Koma ndikaona zikhomo za mapuloti zikutsetserekera kudambo, mtima umandiwawa, chifukwa ambirife timaliyesa malo ongokhala. Mvula ikagwa mu Januwale, udzu, bango ndi dothi lakuda lija zimagwira madzi, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. N'chifukwa chake chitsime cha m'mbali mwa dambo sichiphwa msanga. Udzu womwewo umatchinga matope. Tikaupala, tikaumbamo njerwa, tikakumbamo mchenga, matope onse amathamangira kumunsi. Ganizirani damu la Chitete, komwe a Central Region Water Board amatenga madzi a m'mipopi yathu. Matope akamalowa m'damu, malo a madzi amachepa, ndipo mpopi ukauma timadandaula tonse.

Tikamva za nyama zakutchire timathamangira kuganiza za njovu zakupaki ya Kasungu, ngati zija 263 zinachokera ku Liwonde mu 2022. Izo zili ndi alonda. Nanga akakowa, achule, milamba, anantchengwa? Kwawo ndi kudambo kuno. Nantchengwa amamanga chisa chake chachikulu chija pamphanda ya mtengo pafupi ndi madzi. Tikagwetsa mkuyu, amasamuka osabweranso. Nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh, dambo lalikulu la kuchigwa cha Shire, zili pamndandanda wa pangano la Ramsar loteteza madambo padziko lonse, Elephant Marsh inalowamo mu 2017. Madambo athu ang'onoang'onowa mulibe m'menemo. Owayang'anira ndi ifeyo pamodzi ndi khonsolo.

Tsono, amayi a madimba, musati ndabwera kudzakulandani malo. Mpiru ndi tomato wanu ndiye akudyetsa tauni. Pempho langa ndi malire: musiye udzu ndi bango m'mbali mwa mtsinje osalimamo, dimba libwere pambuyo pake, nyumba zikhale kumtunda. Amene anamangapo padambo akudziwa. Khoma limanyowa mpaka m'mawondo, pulasitala n'kumayoyoka. M'chilimwe dothi limang'ambika, maziko n'kung'aluka nawo. Chimbudzi chokumba chimasefukira mu Febuluwale, zonyansa n'kulowa m'chitsime chomwe ana akutungamo. Kolera amayamba choncho.

Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti zomanga zitsate mapulani ovomerezeka. Koma wojambula mapu akabwera mu Seputembala, amapeza pouma paliponse. Amene mukudziwa pomwe madzi amafika ndi inu akuluakulu, amene munkadyetsa ng'ombe kumeneko muli ana. Choncho a Gulupu, ngati mungalole, tisankhe tsiku mvula isanathe, tiyende limodzi ndi a khansala ndi a zamapulani kukhonsolo, tikhome zikhomo pomwe madzi amalekezera, malirewo akalembedwe pamapu puloti ina isanagulitsidwe.

Zikomo kwambiri.