Diso Loona Kutentha: Yankho kwa Amalume

Moni abale anga a ku Chipata, ku Katete ndi ku Mfuwe, ndi nonse amene mukundimvera pafoni. Ndikuyankhula kuchokera ku Hamilton, m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo lero ndikuyankha amalume anga a ku Kapata, amene anandifunsa mosapsatira kuti ndalama zimene ndimatumiza kumudzi zimachokera ku ntchito yotani. Kwa zaka zambiri ndinkangonena kuti ndimapukuta magalasi, ndipo silinali bodza, kungoti nkhaniyo sindinkaimaliza.

Amalume, ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono yopala ndi kuyeza magalasi a makamera oona kutentha, ndipo ena mwa makamerawa amakamangidwa kumimba kwa ndege zankhondo zopanda woyendetsa, zija timazitcha madroni. Magalasi ake si ofanana ndi a pazenera, chifukwa kutentha kumene thupi la munthu limatulutsa sikudutsa galasi wamba. Timagwiritsa ntchito germanium, mwala wotuwa ngati chitsulo, umene diso lathu silingapenye kupyola, koma kutentha kumadutsamo ngati madzi m'dengu. Kuseri kwa galasilo kumakhala kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi timadontho 640 mopingasa ndi 512 chotsika, ndipo kadontho kalikonse kamayeza kutentha kwa malo amene kalozako. Makamera oona patali kwambiri ali ndi kafiriji kawokawo, kamene kamaziziritsa kachipangizoko kufika pafupifupi madigiri 200 kunsi kwa ziro, kuti kutentha kwake komwe kusasokoneze chithunzi. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti pagalasi palibe fumbi kapena kachipsera, ndipo ndimavala chovala chophimba thupi lonse, kusiya maso okha, moti amayi ataona chithunzi changa anayesa kuti ndalembedwa ntchito kuchipatala.

Ogula amadandaula chinthu chimodzi chaka ndi chaka, ndicho kulemera, popeza galamu iliyonse imene ndege yanyamula imadya mafuta kapena batire. Kamera yotchedwa MX-15 imalemera makilogalamu pafupifupi 45, kuchepera pang'ono thumba la chimanga, pamene kadroni ka Black Hornet 3, kamene kanapangidwira ku Norway, kamalemera magalamu pafupifupi 33 pamodzi ndi makamera ake, kupepuka kuposa dzira la nkhuku.

Mtima wanga unayamba kuvutika mu 2020, pa nkhondo ya pakati pa Azerbaijan ndi Armenia ku Nagorno-Karabakh, pamene zinadziwika kuti madroni a Bayraktar TB2, opangidwa ku Turkey ndi kugwiritsidwa ntchito ndi Azerbaijan, anali ndi makamera a kampani ya WESCAM ochokera m'dera lomwe lino. Boma la Canada linaimitsa zilolezo zogulitsira makamerawo ku Turkey mu Okutobala chaka chimenecho, linazifafaniza mu Epulo 2021, kenako linatsegulanso njira mu Januwale 2024. Ineyo chimene chinandikhalira m'mutu ndi mavidiyo amene ndinaona pa intaneti, oonetsa anthu ngati timizukwa toyera tikuyenda mumdima, osadziwa kuti kumwamba kuli diso limene likuwatsata. Ndinakumbukira usiku umene tinkalondera munda wa agogo kufupi ndi Mfuwe, titanyamula tochi ndi zitini zoopsezera njovu, tikukhulupirira kuti mdima ukutibisa monga unkabisira njovuzo. Pa kamera yotereyi ife ndi njovu tikanaoneka limodzi, ndipo amene akanasankha kuti ndani wakuba ndi munthu wokhala kutali pa kompyuta. Ntchitoyi sindinaisiye, amalume, koma kuyambira pamenepo sindinenanso kuti ndimangopukuta magalasi.

Kumudzi kumandilondolanso kudzera m'mwala womwewo. Kuyambira mu Ogasiti 2023 dziko la China linayamba kufuna chilolezo kwa aliyense wotulutsa germanium, ndipo mtengo wake unakwera, moti kuntchito timatolera ngakhale zotsalira popala kuti zikayengedwenso. Chaka chomwecho ku Lubumbashi, m'dziko la Congo, anatsegula fakitale yochotsa germanium m'chiphiri chakuda cha zotsalira za mgodi, ndipo aliyense amene anafikako ku Kasumbalesa akudziwa kuti kumeneko ndi pakhomo pathu penipeni.

Tsono pempho lanu lija, lakuti ndidzabwere ndi kamera imodzi yolonderera munda, ndiliyankhe poyera. Za kuntchito kwathu sindingathe kutulutsa, chifukwa malamulo a katundu wankhondo salola, ndipo galasi lililonse lili ndi nambala yake, ngakhale losweka. Alipo makamera ang'onoang'ono olumikiza ku foni amene amagulitsidwa kwa aliyense, ndipo ngakhale saona patali, njovu ikafika m'mphepete mwa munda imaonekera. Kamera yotereyo ndidzabwera nayo mu Febuluwale, pobwera ku Nc'wala, koma batire la foni yanu muliyambe kulisamalira.